Musanakumbe dziwe losambiramo ku Cape Town, onani kaye pepala la khonsolo

Abale anga amene muli kuno ku Cape Town, makamaka inu ogwira ntchito m'magadeni ndi ya zomangamanga, izi ndalembera inu. Ine ndinayamba ngati ambiri a ife: kutchetcha kapinga, kusesa masamba ndi kutsuka maiwe osambiramo m'mayadi a mabwana. Kenako ndinapeza ganyu kwa kontirakitala womanga maiwewo, ntchito yanga kukankha wilibala. Lero ndili ndi kagulu kanga ka anyamata, timakumba, kuika mapaipi ndi kuyala matailosi m'mbali mwa dziwe. Chandilembetsa n'chakuti mafoni achuluka. Wina amaimba kuti, "Achimwene, abwana anga akufuna anthu okumba dziwe kuseri kwa nyumba, mungabwere Lolemba?" Ndikafunsa ngati pulani inadutsa kukhonsolo, yankho limakhala lomwelomwelo: "Akuti n'kadziwe kakang'ono, sikafuna zimenezo."

Kamafuna. Lamulo loyendetsa zomangamanga mu South Africa muno ndi National Building Regulations and Building Standards Act, nambala 103 la chaka cha 1977, ndipo limagwira ntchito m'dziko lonse, ku Joni, ku Durban, kuno, konsekonse. Lamuloli linaika dziwe losambiramo la pakhomo m'gulu la ntchito zing'onozing'ono, pamodzi ndi kashedi kosungiramo zida, khola la nkhuku ndi kadenga koimikapo galimoto. Apa ndi pamene anthu amasokonekera. Akamva zoti ndi ntchito yaing'ono amangoti basi, tiyeni tikumbe. Koma gawo 13 la lamuloli limangopatsa mkulu woyang'anira zomangamanga kukhonsolo mphamvu yopeputsa zofunika kupereka, ndipo iyeyo ndiye amapereka chilolezo cholembedwa. Mwininyumba sangadzipeputsire yekha. Ngati palibe pepala lochokera kukhonsolo, ntchitoyo ndi yosaloledwa, dziwe likule kapena lichepe.

Mwina wina anena kuti imeneyo ndi nkhani ya bwana, ine zindikhudza bwanji? N'zoona, pamaso pa lamulo udindo ndi wa mwinimalo. Koma ndikuuzeni zimene ndinaona ndili wa wilibala. Tinapatsidwa ntchito panyumba ina cha kumpoto kwa mzinda, kumalo a mchenga. Kontirakitala anatiuza kuti mapepala ali bwinobwino. Tinakumba pafupi kwambiri ndi khoma la malire, ndipo mchenga wa kuno mukuudziwa, suima wokha. Unayamba kugumukira m'dzenje kuchokera pansi pa maziko a khomalo, khoma n'kuchita mng'alu. Neba sanalankhule nafe n'komwe, anangoimbira kukhonsolo. Woyendera ntchito atabwera anapempha pulani yodindidwa, ndipo panalibe. Analemba kalata yoimitsa ntchito pomwepo. Mwininyumba anayamba kukangana ndi kontirakitala, kontirakitala foni anazimitsa, dzenje linadzaza madzi a mvula ya mu June, ndipo ife okumba, amene tinalibe pepala lililonse losonyeza kuti tinagwirapo ntchito, malipiro athu anapita ndi mphepo. Aliyense wa akuluakuluwo anali ndi loya kapena inshuwalansi yothawirako. Ife tinalibe. Ndiye ndikamati onani kaye pepala, sindikuteteza khonsolo ayi, ndikuteteza thumba lanu.

Pepala lenilenilo limaoneka chonchi: pulani ya malowo yokhala ndi chidindo cha khonsolo, nambala ya pempho ndi tsiku limene inavomerezedwa, kapena kalata ya chilolezo yotchula nambala ya puloti. Tsikulo muliyang'anitsitse. Pulani yovomerezedwa imatha mphamvu pakapita miyezi 12 ntchito isanayambe, ndipo chilolezo cha ntchito yaing'ono chimatha pa miyezi 6, pokhapokha mwiniwake atapempha kuti amuwonjezere nthawi. Chithunzi chokongola cha pakompyuta chimene kampani yogulitsa maiwe imapereka, chokhala ndi madzi abuluu ndi mipando yogonapo, si pulani yovomerezedwa. Risiti yosonyeza kuti alipira pempho si chilolezonso.

Tsopano kwa inu amene mwagula nyumba zanu, pakuti tilipo ena amene Mulungu watikomera mtima, kapena amene abwana anakusiyirani kuti muyendetse zonse, njira yake ndi iyi. Mumayamba mwapeza wojambula mapulani amene analembetsa ku SACAP, bungwe loyang'anira akatswiri ojambula mapulani a nyumba. Mufunseni nambala yake ya kubungweko, asakwiye. Iyeyo ndiye amatumiza pempho ku City of Cape Town kudzera pa intaneti, pa njira imene amaitcha DAMS. Amafuna kope ya title deed, chikalata chosonyeza umwini wa malo, chithunzi cha malire a puloti chochokera kwa Surveyor-General (ofesi ya boma yoyeza malo), mafomu osainidwa ndi mwinimalo, ndi pulani yosonyeza pamene dziwe likhale, kutalika kwake kuchokera kumakoma ndi kunyumba, pamene pampu ikhale, mpanda ndi geti, komanso kumene madzi otayidwa azipita. Khonsolo imatumiza bilu, mukalipira ndiye pempho limayamba kuyenda.

Pa zonsezi chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi title deed. Anthu amaisunga m'kabati kapena ili kubanki, sanaiwerengepo. M'menemo ndi mmene mumalembedwa ngati pali kachigawo ka puloti yanu kamene khonsolo kapena neba ali ndi ufulu wodutsitsapo zinthu zake, kamene amakatcha servitude. Kawirikawiri ndi paipi yaikulu ya suweji kapena ya madzi amvula yodutsa m'mbali mwa khoma lakumbuyo, yotumikira nyumba zonse za mumzere umenewo. Pamwamba pamamera kapinga wokongola, simungadziwe kanthu. Ndipo malo amenewo ndi omwe mwininyumba amakonda kuloza kuti dziwe likhale apa, chifukwa ndi pamene pali potakasuka.

Zinandichitikira nditayamba kuyenda ndi anyamata anga. Mayi ena achikulire, anthu abwino ndithu, anali atakhoma kale zikhomo ndi kumanga chingwe pamene amafuna dziwe lawo. Nditapempha pepala nkhope inasintha. Anati, "Mwayamba liti kukhala wa khonsolo inu?" Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Mayi, fosholo ndi yanga koma yadi ndi yanu, zikavuta pansipa tonse tilira." Anadandaula, koma anapeza wojambula mapulani. Pulani itabwerako, dziwe linali litasunthidwira pafupi ndi khonde, chifukwa pamene panali chingwe paja pansi pake pamadutsa paipi ya suweji ya khonsolo. Tikanaiboola ndi makina okumbira, zonyansa za mzere wonse zikanathera m'yadi mwawo, bilu yokonzetsa n'kukhala yawo. Ndipo ngakhale tikanaiphonya n'kumanga pamwamba pake, tsiku limene paipiyo idzatsekeke khonsolo ili ndi ufulu wokumba pamenepo. Safunsa anadya phula. Mayiwo mpaka lero amanditumizira makasitomala.

Za nthawi. Lamulo limati khonsolo iyankhe pasanathe masiku 30 pa chomanga chosafika masikweya mita 500, ndipo dziwe la pakhomo lili m'gulu limeneli. Koma kuyankha si kuvomera. Akhoza kubweza pempho kuti mukonze zina, ndipo mukakonza limakaimanso pamzere. Ngati pulani ikuphwanya malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka malo m'dera limenelo, pamafunika pempho lina lapadera, nthawi zina mpaka aneba asaine, ndipo apo ndiye miyezi imatha. Nyumba ikakhala yopitirira zaka 60, kapena ili m'madera otetezedwa chifukwa cha mbiri yake ngati mbali zina za Observatory ndi Woodstock, a zosunga mbiri nawonso amayang'anapo, malinga ndi lamulo la 1999, ndipo nthawi zina pamafunika chilolezo cha Heritage Western Cape, bungwe loteteza malo a mbiri m'chigawo chino. Anthu amaiwala kuti nyumba yomangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 yalowa kale m'gulu limeneli ngakhale ikuoneka yamakono. Chinanso, chapakati pa December makampani a zomangamanga amatseka mpaka mu January. Choncho wofuna kusambira pa Khirisimasi ayambe mapepala nyengo yozizira, mvula ili mkati, osati mu November dzuwa litamuwotcha.

Nthaka ya kuno ili ndi makhalidwe ake, ndipo ndi chifukwa chake khonsolo nthawi zambiri imafuna siginecha ya injiniya. Ku Cape Flats ndi madera a mchenga ngati Table View ndi Milnerton madzi apansi ali pafupi, makamaka June mpaka August. Mukumba pang'ono, madzi ayamba kutumphuka. Dziwe la fibreglass lopanda madzi mkati likhoza kukankhidwa ndi madzi apansiwo n'kutukuka, mapaipi onse n'kuthyoka. N'chifukwa chake sitipopa dziwe n'kulisiya lopanda kanthu nyengo ya mvula, ndipo pomanga timaika valavu pansi kapena paipi yopoperapo madzi a m'mbali. Kumapiri, monga Camps Bay ndi Hout Bay, vuto ndi miyala ndi kutsetsereka kwa malo. Tangowerengani: dziwe la mamita 6 m'litali, 3 m'lifupi, lozama mita imodzi ndi theka, limalowa malita 27,000. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti matani 27 akhala pamtunda, munsi mwake muli nyumba ya munthu wina. Pamenepo khoma lotchinga dothi silimangidwa mongoyerekeza. Inu a ku Gauteng muli ndi lanu vuto, mwala wa dolomite wa madera ngati Centurion, umene umasungunuka pang'onopang'ono madzi akamadontha, nthaka n'kutitimira. Kumeneko malamulo a maiwe ndi okhwima kuposa kuno.

Chilolezo chikatuluka, khonsolo imayenera kudziwitsidwa ntchito isanayambe, ndipo kope ya pulani yodindidwa izikhala pamalo a ntchito. Ine ndimaiika m'pulasitiki n'kuisunga m'galimoto. Dziwaninso kuti makina aphokoso saloledwa Lamlungu ndi pa tchuthi cha boma, ndipo Lolemba mpaka Lachisanu amayenera kuzimitsidwa 6 koloko madzulo, Loweruka 5 koloko. Ambiri a ife maganyu apadera timagwira Lamlungu chifukwa ndi tsiku lokhalo lopuma, ndipo phokoso la Lamlungu ndi limene limaitanitsa woyendera ntchito msanga kuposa china chilichonse.

Ndifike pa nkhani imene imandikhudza kwambiri, ya mpanda. Malamulo a SANS 10400, muyezo wa dziko lino wa zomangamanga, gawo D amati mwini dziwe aonetsetse kuti munthu sangafike padziwepo kuchokera mumsewu kapena kwa neba popanda kudutsa pageti. Khoma kapena mpandawo usachepere mamita 1.2 kuchokera pansi, usakhale ndi mpata woti mpira wa mamilimita 100 n'kudutsa, ndipo geti lizidzitseka lokha n'kudzikola lokha, likhalenso ndi pokhomera loko. Woyendera ntchito amabwera ndi tepi, amayesa, amakankha geti n'kulisiya kuti aone ngati litsekeke. Geti loti mpaka munthu alikoke silidutsa.

Koma taonani bwino zimene lamuloli likunena. Likutchinga anthu akunja. Ngati yadi yonse ili ndi khoma lalitali ndi geti loyenera, lamulo lakhutira, ngakhale dziwe lili poyera pakati pa yadi. Nanga mwana amene amakhala m'kati mwa yadiyo? Ambiri a ife timakhala m'tinyumba ta kuseri kwa mabwana, ena ndi akazi athu ndi ana. Alongo athu ogwira ntchito m'nyumba nthawi zina amapita ndi mwana kuntchito sukulu ikatsekera. Ana a abwana anayamba kuphunzira kusambira ali akhanda. Athu ambiri sanalowepo m'madzi opitirira m'chiuno, pokhapokha ngati kwanu ndi ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi. Mwana akamamira sakuwa, sapanga phokoso ngati mmene anthu amaganizira, amangolowa pansi, ndipo mayi ake ali pa ayironi chipinda chachiwiri. Choncho ine kasitomala aliyense ndimamuuza kuti chilolezo cha khonsolo ndi poyambira chabe. Pali muyezo wina, SANS 10134, wonena za chitetezo cha maiwe a pakhomo, umene umafotokoza za mpanda wozungulira dziwe lenilenilo, ukonde ndi chovindikira cholimba. Ena amati ndalama zachuluka. Ndimawafunsa kuti m'yadi muno mumalowa ana angati pa chaka, kuphatikizapo a antchito anu? Ambiri amakhala chete kenako n'kuvomera. Ndipo inu amene mukukhala pa yadi yokhala ndi dziwe losatchinga, musachite manyazi kupempha ukonde. Ndi pempho laling'ono poyerekeza ndi mtengo wa dziwelo.

Pa zovindikira pali msampha wina. Lamulo la madzi la mzinda uno, limene linakonzedwanso mu 2018, limati dziwe lililonse lizivindikiridwa pamene silikugwiritsidwa ntchito, kuti madzi asamauluke ndi dzuwa ndi mphepo ija ya kum'mwera chakum'mawa. Ambiri amagula chipulasitiki chabuluu cha timatuza chija, choyandama pamadzi. Chimenecho chimasunga madzi ndi kuwatenthetsa, ndipo lamulo la madzi chimalikwaniritsa. Koma si chotetezera mwana. Mwana amachiona ngati pansi pouma, amapondapo, chimamukulunga, ndipo wofunafuna saona kanthu pamwamba. Chotetezera ndi ukonde womangidwa mokoka bwino pa zokolera za m'mbali, kapena chovindikira cholimba chokhala ndi mipiringidzo, choti munthu sangamire nacho. Ukonde nawo suletsa madzi kuuluka. Ndiye nthawi zambiri pamafunika chovindikira cholimba chimodzi chogwira ntchito zonse ziwiri, apo ayi mugule zonse.

Amene munali kuno mu 2018 mukudziwa kumene lamulo la madzi limeneli linachokera. Damu la Theewaterskloof linasanduka fumbi, tinkawerengera masiku oti mipopi itsekedwe, ndipo kuyambira pa 1 February chaka chimenecho munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Kuthira madzi a mumpopi m'dziwe kunaletsedweratu. Dziwe lija la malita 27,000 ndi madzi a munthu mmodzi a masiku 540 pa muyezo umenewo. Ife a ntchito imeneyi tinavutika, maoda anaima, ambiri tinabwerera kumagadeni amene nawonso anali atauma. Pambuyo pake zinthu zinapepuka, koma malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka madzi amasintha malinga ndi mmene madamu alili, choncho musanadzaze dziwe latsopano funsani kaye zimene zikuloledwa nthawi imeneyo. Kachipangizo kodzaza dziwe kokha kuchokera kumpopi wa madzi akumwa n'koletsedwa. Wofuna kudzaza ndi madzi a chitsime chake, borehole kapena wellpoint, chitsimecho chikhale cholembetsedwa kukhonsolo, ndipo mapaipi ake asalumikizane ndi a madzi akumwa. Madzi a m'zitsime za kuno ambiri ali ndi chitsulo, mukathira klorini amasanduka ofiirira n'kudetsa makoma a dziwe, ndiye ayesedwe kaye.

Madzi otuluka potsuka sefa, pa backwash paja, asamapite mumsewu kapena mu ngalande za madzi amvula. Ngalande zimenezo zimathera m'mitsinje, m'madambo ndi m'nyanja osadutsa kotsukira, ndipo madzi a klorini kapena amchere amapha zamoyo za mmenemo. Amayenera kupita ku suweji, ndipo pulani imasonyeza polumikiza pake. Anzanga otsuka maiwe, paipi ija mumaiponya kunja kwa geti m'mawa anthu asanadzuke, aneba amaona.

Zamagetsi ndinena mwachidule chifukwa si ntchito yanga, ndipo si yanunso ngati mulibe mapepala ake. Pampu, nyali za m'madzi ndi chotenthetsera ziyenera kulumikizidwa ndi wamagetsi wolembetsedwa, amene pomaliza amapereka satifiketi yotchedwa CoC motsatira SANS 10142-1. Nyali za m'dziwe zimakhala za mavoti 12 kudzera pa thiransifoma, ndipo pamakhala earth leakage yodula magetsi ikangomva kuti akuthawira kwina. Ndikudziwa kuti pakati pathu pali anyamata aluso amene amatha kulumikiza chilichonse. Luso lilipo, koma siginecha palibe, ndipo munthu akagwidwa ndi magetsi m'madzi funso loyamba likhala lakuti analumikiza ndani.

Jacuzzi anthu amaitenga ngati bafa lalikulu loti ungogula n'kuika. Yokumbira pansi kapena yomangira imayenda njira yomweyi ya dziwe. Yongoika pamwamba, imbirani ofesi ya zomangamanga ya dera lanu muwafotokozere kukula kwake ndi pamene mukufuna kuiika, yankho lawo likhale lolembedwa. Zamagetsi sizisintha, CoC ikufunika basi, popeza chotenthetsera chake chimakoka magetsi ambiri. Ndipo kulemera musakuiwale. Ya malita 1,000 ndi tani imodzi ya madzi okha, musanawerengere chombocho ndi anthu okhalamo. Pa khonde la m'mwamba kapena pa deki yamatabwa, injiniya aone kaye. Chivindikiro chake chizikhomedwa ndi loko.

Okhala mu complex kapena mu estate, nyumba zambiri zokhala mu mpanda umodzi, muli ndi khomo lina logogoda musanafike kukhonsolo: body corporate kapena bungwe la eninyumba. Kagadeni kamene mumakatcha kanu mu complex nthawi zambiri ndi malo a onse amene munangopatsidwa ufulu wogwiritsa ntchito, ndiye simungakumbe popanda chilolezo chawo cholembedwa. Wochita lendi sangapemphe yekha, amasaina ndi mwininyumba.

Nanga dziwe limene linamangidwa kale popanda pulani? Awa ndi ambiri, ndipo amaululika pogulitsa nyumba, wogula kapena banki yake akapempha mapulani ovomerezedwa n'kupeza kuti dziwe mulibemo. Njira ilipo: wojambula mapulani amayesa zimene zilipo, amajambula, n'kutumiza pempho ngati latsopano. Chindapusa cha m'lamulo la 1977 chimaoneka chochepa, sichipitirira R100 pa tsiku lililonse limene munthu wamanga popanda chilolezo, koma kuno kuli chilango china pansi pa lamulo la mzinda la 2015 loyendetsa kagwiritsidwe ntchito ka malo, chimene chikhoza kufika pa mtengo wonse wa ntchito yomangidwa mophwanya lamulolo. Ngati dziwe lili pamwamba pa paipi ya khonsolo, akhoza kukana kulivomereza, ndipo khoti la majisitireti lili ndi mphamvu yolamula kuti ligumulidwe. Ogula nyumba yokhala ndi dziwe, pemphani mapulani musanasaine, ndipo muone ngati dziwe la papepala ndi lomwelo lili pabwalo.

Ine masiku ano ndisanatsitse fosholo m'galimoto ndimajambula pulani yodindidwa ndi foni, ndimayesa ndi tepi kuchokera kukhoma kuti zikhomo zigwirizane ndi manambala a papepala, ndipo timalemberana ndi mwinimalo, ngakhale pa WhatsApp pomwe, mtengo ndi magawo a malipiro: poyamba ntchito, dzenje likatha, mapaipi akayesedwa, ndi pomaliza. M'menemo ndimaikamonso mzere umodzi wakuti ntchito ikaimitsidwa chifukwa cha mapepala, zimene tagwira kale zilipiridwe zonse sabata yomweyo.